MTENGO WA MAPHUNZIRO A UDOKOTALA WA MANO KUNJA KWA DZIKO LINO

Wolemba: Woyang'anira za Ukhondo, Kandeu, Ntcheu

Aliyense amene anachezerapo usiku ali maso kaamba ka dzino amadziwa kufunika kwa dokotala wa mano. Anthu a kuno ku Kandeu, m'dera la Inkosi Ganya, kawirikawiri amayenda ulendo wa ku chipatala cha pa boma la Ntcheu dzino likawavuta, ndipo ambiri amakafika litabowoka kale, kotero kuti chotsala n'kulizula basi. Poona zimenezi, makolo ena amene ana awo akhoza bwino mayeso a Fomu 4 amalakalaka kuti mwana akaphunzire udokotala wa mano kunja. Maganizo otere ndi abwino, koma tisanagulitse ng'ombe kapena munda, tiyeni tiyambe tawerengera mtengo wake wonse.

KODI ANTHU ANKAPITIRANJI KUNJA?

Kwa zaka zambiri dziko lino linalibe sukulu yophunzitsa madokotala a mano. Ku Malawi College of Health Sciences ku Lilongwe kumaphunzitsidwa akatswiri a mano a dipuloma, amene akhala akugwira ntchito yotamandika yozula, kumata ndi kutsuka mano m'zipatala za m'maboma. Koma wofuna digiri ankayenera kutuluka m'dziko, ndipo ambiri anakaphunzira pa yunivesite ya Muhimbili ku Dar es Salaam. Chifukwa cha ichi, pofika 2019 madokotala a mano m'dziko lonse lino sankakwana 50, pamene kalembera wa 2018 anapeza anthu opitirira 17 miliyoni.

Zinthu zinasintha mu 2019 pamene College of Medicine ya ku Blantyre inatsegula maphunziro a digiri ya mano, mothandizidwa ndi yunivesite ya Glasgow ndi boma la Scotland. Mu 2021 koleji imeneyi inaphatikizana ndi Kamuzu College of Nursing n'kukhala Kamuzu University of Health Sciences, ndipo ophunzira oyamba anamaliza mu 2025. Komabe malo ndi ochepa, motero alipobe ambiri amene amayang'ana kunja.

CHIMENE CHIMAKWEZA FIZI

Maphunziro a mano ali m'gulu la maphunziro okwera mtengo kwambiri pa yunivesite iliyonse, ndipo zifukwa zake n'zomveka. Wophunzira zamalamulo amafuna mabuku ndi mphunzitsi, koma wophunzira za mano amafunanso mpando wapadera wokhala ndi nyali, madzi ndi makina obowolera. Asanagwire m'kamwa mwa munthu, amayamba waphunzira pa mitu ya zidole yokhala ndi mano apulasitiki, ndipo dzino lililonse limene waliboola silibwereranso. Mankhwala omatira mano akagwiritsidwa ntchito atha, zida ziyenera kuphikidwa wodwala aliyense akachoka, ndipo mphunzitsi mmodzi amangoyang'anira ophunzira owerengeka. Kuonjezera apo, maphunzirowa amatenga zaka zisanu kapena kuposa.

Maboma ambiri amalipirirako nzika zawo, koma mlendo amasenza yekha katundu yense. Ku Britain, mayunivesite ambiri amalipiritsa mlendo wophunzira za mano ndalama zoposa mapaundi 40,000 pachaka. Kuno kum'mwera kwa Africa mtengo ndi wotsikirapo. Pangano la maiko a SADC la 1997 limati ophunzira ochokera m'maikowa azionedwa ngati eni dziko pa fizi ndi malo ogona, choncho ku South Africa M'malawi kawirikawiri amalipira ngati nzika, n'kuonjezerapo kandalama ka alendo. Vuto la kumeneko ndi malo, pakuti sukulu za mano monga za ku Pretoria, Witwatersrand ndi Western Cape zimatsogoza ana a dziko lawo. Ku Zambia nako kuli maphunziro otere pa yunivesite ya Copperbelt ku Ndola.

NYUMBA: MTENGO UMENE AMBIRI AMAIWALA

Kalata yoitanira mwana ku sukulu imatchula fizi, koma kawirikawiri sinena za lendi. Akuluakulu anati walira mvula walira matope. Nyumba zogona za pa sukulu sizikwanira ophunzira onse, ndipo m'malo ambiri amatsogoza a chaka choyamba, otsalawo n'kukafuna zipinda m'tauni. Mwini nyumba amafuna chikole komanso lendi ya miyezi ingapo munthu asanalowe. Pa tchuthi mwana wa m'dzikomo amapita kwawo, koma mlendo amene alibe ndalama ya ulendo amalipirabe chipinda chaka chathunthu.

Maboma amadziwa kulemera kwa katundu ameneyu. Mu Januwale 2025 boma la Britain linakhazikitsa kuti wofuna chilolezo cholowera m'dzikomo ngati wophunzira aonetse mapaundi 1,136 pamwezi ngati akakhale kunja kwa London, kapena 1,483 ngati akakhale mu London, kwa miyezi 9. Izi zikutanthauza mapaundi oposa 10,000 a nyumba ndi chakudya chokha, fizi ili apo. Ku South Africa nako chilolezo sichiperekedwa popanda umboni wakuti wophunzira walipira inshuwalansi ya kuchipatala.

Ndalama ikachepa, chimene mwana amayamba kuchepetsa ndi malo ogona ndi chakudya, ndipo apa ndi pamene nkhani ya ndalama imasanduka nkhani ya umoyo. Anayi kapena asanu amadzazana m'chipinda cha anthu awiri. M'nyumba yothithikana, yopanda mazenera okwanira, chifuwa chachikulu chimafala msanga. Kumene madzi ndi osadalirika ndipo chimbudzi chimodzi chikutumikira mabanja ambiri, matenda otsekula m'mimba sachedwa, monga tinaonera pa mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023. M'maiko ozizira kutenthetsa nyumba kumafunanso ndalama, ndipo mwana asayese konse kugona ndi mbaula ya makala m'chipinda chotseka, pakuti mpweya wake umapha mwakachetechete. Choncho pofuna nyumba funsani izi: Kodi madzi abwino alipo tsiku lililonse? Kodi chimbudzi chikugwiritsidwa ntchito ndi anthu angati? Kodi mpweya ndi kuwala zimalowa? Nanga kuchipatala kophunzirira n'kotalika bwanji? Chipinda chotsika mtengo chakutali chimadya ndalama pa basi.

KUGWA KWA KWACHA

Kholo limakolola ndi kugulitsa chimanga kapena mtedza m'makwacha, koma lendi ya kunja imalipidwa m'ndalama ya eni dziko. Mu Meyi 2022 kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inatsitsidwanso, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700. Chipinda cha madola 100 pamwezi, chimene dzulo lake chinali K118,000, chinasanduka cha K170,000 mwini nyumba asanakweze n'komwe. Amene akuwerengera za zaka zisanu asiye mpata wa zoterezi, pakuti palibe chomvetsa chisoni ngati mwana kubwerera ali m'chaka chachitatu, chuma chitatha, digiri palibe.

ZOYENERA KUCHITA

Choyamba, mwana ayambe wayesa mwayi kuno kwathu. Fizi imalipidwa m'makwacha, boma limathandizapo, ndipo osowa angathe kupempha ngongole ku bungwe loona za ngongole za ophunzira a sukulu zaukachenjede, limene linakhazikitsidwa mu 2015. Dipuloma ya ku Lilongwe nayonso ndi njira yolemekezeka.

Chachiwiri, ngati njira ndi yakunja, funsani ku Medical Council of Malawi musanalipire tambala iliyonse, kuti mudziwe ngati sukuluyo ndi yovomerezeka. Palibe amene amaloledwa kugwira ntchito ya udokotala wa mano m'dziko muno asanalembetse ku bungweli. Safunsa anadya phula.

Chachitatu, lembani papepala zonse: fizi, lendi, chikole, chakudya, zida, mabuku, pasipoti, chilolezo, inshuwalansi ndi maulendo, ndipo muchulukitse ndi zaka zonse za maphunziro. Ngati pali wolonjeza thandizo, afotokoze m'kalata ngati thandizolo likuphatikizapo nyumba, ndiponso kuti ndi la zaka zingati. Chenjeraninso ndi anthu ofuna ndalama kuti akupezereni malo. Lemberani ku sukulu mwachindunji.

Dziko lino likufuna madokotala a mano ambiri, makamaka ofunitsitsa kudzagwira ntchito m'maboma monga Ntcheu. Banja likhale pansi, malume ndi abale onse, n'kuwerengera bwinobwino ulendo usanayambe. Pamene tikudikira madokotalawo, tiyeni tipitirize kutsuka mano kawiri patsiku ndi kuchepetsa zotsekemera kwa ana athu.