Mtima wabwino pawokha supanga mlangizi

Achinyamata a ku Jenda, Embangweni ndi pa boma pa Mzimba akamatifunsa ife opereka uphungu za ntchito yathu, ambiri amakhala ataganiza kale kuti munthu wodekha ndi wodziwa kuyankhula ndiye mlangizi basi. Ine ndimatsutsa. Ntchito yathu yaikulu ndi kumvetsera, kusunga chinsinsi, kuzindikira munthu amene akuganiza zodzipha, ndi kudziwa nthawi yomutumiza kwa dokotala. Zonsezi zimaphunziridwa, ndipo vuto likakula, maphunziro akenso amafunika ozama.

Njira zake zilipo zingapo. Yaifupi ndi ya masabata ochepa, yomwe amadutsamo alangizi oyeza magazi a HIV m'zipatala zathu. Ndi yothandiza, koma imakonzekeretsa munthu pa ntchito imodzi yokhayo. Amene anakhoza bwino MSCE ndipo akufuna uphungu ukhale ntchito ya moyo wake angayang'ane dipuloma ya Psychosocial Counselling pa sukulu ya St John of God ku Mzuzu, komwe wophunzira amathandiza anthu enieni moyang'aniridwa ndi aphunzitsi. Ina ndi digiri ya Psychology ya zaka 4 ku University of Malawi ku Zomba, koma wofuna kuchiza matenda a maganizo mwa kukambirana ayenera kuwonjezerapo digiri yachiwiri. Anamwino ndi madokotala ali ndi njira yawo, monga ya ku Kamuzu University of Health Sciences, ndipo nkhani ya mankhwala ndi yawo. Mlangizi salembera munthu mankhwala.

Ena amati tili nawo kale ankhoswe, abusa ndi akuluakulu a m'mudzi, ndiye sukulu ndi ya chiyani? Anthuwa ndi ofunikadi, ndipo wovutika amayamba wafika kwa iwo. Koma nkhoswe amayanjanitsa banja, pomwe mayi amene mwamuna wake anapita ku Joni n'kusiya kutumiza ndalama angakhale akudwala matenda okhumudwa, osagona, osadya, ndipo kumuuza kuti apirire sikungamuchize. Ku Zimbabwe, Dixon Chibanda anayambitsa Friendship Bench mu Harare, pomwe agogo amathandiza ovutika maganizo, ndipo kafukufuku wofalitsidwa mu 2016 anaonetsa kuti njirayi imathandiza. Koma agogowo anayamba aphunzitsidwa ndipo amayang'aniridwa. Ena amadandaula fizi, n'kuthamangira timaphunziro ta masiku ochepa. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ndi yovomerezedwa ndi National Council for Higher Education, komanso ngati mudzayeserera ntchito pamaso pa katswiri.

Chimene chimandikhudza kwambiri n'chakuti munthu amaulula bwino zakukhosi m'chiyankhulo chake. Kum'mwera kwa Mzimba kukufunika alangizi olankhula Chitumbuka, odziwa za malowolo, ngongole za katapila ndi manyazi a mnyamata wobwera ku Joni chimanjamanja. Ana a konkuno ndiwo angaidziwe bwino ntchitoyi, bola alowe pa khomo la sukulu yeniyeni.