Nabvutika Amadziwika ndi Khutu

Mlendo amauweruza mudzi ndi maso, koma mwini mudzi amaudziwa ndi khutu. Amene anakulira ku Nabvutika, m'mbali mwa mzinda wa Chipata, angathe kukuuzani nthawi popanda kuyang'ana dzuwa. Kusanache bwino, zidebe zimagundana kumpopi ndipo matsache amakwakwaza pabwalo; kenaka chigayo chimayamba kubangula, osula mbaula nawo nkuyamba kukhoma malata.

Koma liwu lenileni la Chipata ndi belu la njinga. Mzinda uno unali ndi fakitale yakeyake ya njinga, ya Luangwa Industries, ndipo ngakhale inatsekedwa, njinga sizinachoke m'misewu. Zimanyamula makala, matumba a chimanga, amayi opita kumsika wa Kapata, ngakhale odwala. Belu lili ndi ulemu: limapempha njira, silikalipa. Njinga zamoto zimene zachuluka masiku ano sizipempha kanthu, zimangolamula kuti mupatuke, ndipo sitikhulupirira kuti mwana adzazikumbukira mwachikondi atakula.

Taganizirani mwana amene sanatulukepo m'boma lino. Lusaka ali kutali, makilomita oposa 550 pa msewu wa Great East, koma mwanayo amamudziwa kale kuchokera pakamwa pa anyamata oitanira mabasi, pamodzi ndi Katete, Lundazi ndi Mwami. Maina amenewa amamera mapiko m'mutu mwake. Nchifukwa chake akapanga galimoto ya mawaya, saiyendetsa mwakachetechete: milomo ndiyo injini, ndipo amaitananso okwera. Akatsikira m'tauni amamva belu la ku St Anne's ndi mawu oitanira Asilamu kumzikiti, amamva Chinsenga, Chitumbuka ndi Chichewa zikusakanikirana pamtengo wa tomato, nazindikira msanga kuti kwawo ndi kwa anthu ambiri.

Phokoso ambiri timalidandaula, makamaka la m'mabala usiku, ndipo nkoyenera kutero. Komabe mu 2024, chilala chitaphwetsa madzi ku Kariba, magetsi ankazima kwa maola ambiri pa tsiku, ndipo anthu anamva kulemera kwa bata. Chigayo chinakhala chete, owotcherera zitsulo anapinda manja, makina ometera anagona patebulo. Mayi woyenda ndi chimanga pamutu ankayamba watchera khutu asananyamuke, chifukwa chigayo chikangolira, ankadziwa kuti madzulo ana adya nsima.