Matenda a ku msasa amaonekera kunyumba

Mvula ikatha, cimanga cikalowa m'nkhokwe, mabanja ambiri m'boma la Lundazi amamanga katundu kukagona ku msasa. Ena amapita ku misonkhano ya mipingo, monga ya a Seventh-day Adventist, kumene anthu amamanga misasa ya udzu ndi matenti. Ena amaperekeza mafumu a Acewa ku Mkaika m'boma la Katete ku mwambo wa Kulamba, umene umacitika pa Ciweru cothera ca mwezi wa Ogasiti. Ulendo wotere munthu sapita yekha. Pamakhala agogo, amalume, azakhali, apongozi ndi ana ang'onoang'ono, ena akali kumsana.

Pa Sondo madzulo banja likafika kunyumba onse ali bwino, amayi amati, "Tayenda bwino." Koma mau amenewa amafulumira. Matenda ambiri amene mwana amatenga ku msasa amabisala m'thupi masiku angapo, ndipo akamaonekera, makolo amakhala ataiwala kale za ulendo uja.

Ngozi imodzi yokha siyembekeza, ndiyo moto. Usiku kuno kumtunda kumazizira, makamaka mu Juni ndi Julayi, motero ena amalowetsa mbaula m'tenti ndi kutseka. Malasha akamayaka amatulutsa mpweya woipa wosaoneka ndi wosanunkha, umene umapha anthu ali m'tulo. Mbaula ikhale kunja. Ndiponso pamene pali akulu khumi, aliyense amaganiza kuti mwana ali ndi wina. Chulani munthu mmodzi ndi dzina kuti ndiye woyang'anira ana pa nthawi yakuti, makamaka pophika ndi popita kumtsinje.

Coyamba kuonekera ndi kutsegula m'mimba, kawirikawiri pa tsiku limodzi kufika atatu. Kumene anthu mazana asonkhana, mjigo umodzi sukwana, ndipo ana amatumidwa kukatunga pa citsime ca kudambo. Madzi akhoza kuoneka oyera koma ali ndi tizirombo. Awiritseni mpaka abwate, kapena thiranimo Clorin monga mwalembedwa pa botolo ndi kuyembekeza mphindi 30. Cigubu ca pakamwa pang'ono ciposa ndowa imene aliyense amaviikamo kapu. Cimbudzi cikumbidwe mamita 30 kapena kuposa kucokera pa madzi, ndipo zonyansa za khanda zitayidwe momwemo, cifukwa nazonso zimapatsa matenda. Mwambo wosamba m'manja m'mbale imodzi, akulu poyamba ana pothera, umasiyira ana madzi oipitsitsa. Thiranani madzi ndi kapu, ndi sopo. Kolera imene inabuka m'Zambia mu Okutobala 2023 inafala ndi madzi ndi manja osasamba omwewa.

Mwana akayamba kutsegula, sungunulani paketi imodzi ya ORS, imene ambiri timaiti madzi a moyo, mu lita imodzi ya madzi abwino. Ngati mulibe, thirani timasupuni 6 ta shuga ndi theka la kasupuni ka mcere mu lita imodzi. Amwe pang'onopang'ono, ndipo asaleke kuyamwa. Ku kiliniki amapatsanso mapilitsi a zinki akumwa masiku 10 kufika 14.

Tsopano malungo, amene ali nkhani yaikulu. M'cilimwe udzudzu umacepa koma sutha, makamaka pafupi ndi madambo, madamu ndi madimba. Amene amapita ku Nc'wala ku Mtenguleni kumapeto kwa Febuluwale amagona panja pakati pa dzinja, udzudzu uli pacimake. Kunyumba neti imakhala yopacika kale pa bedi, koma paulendo imasiyidwa poti ndi masiku awiri cabe. Udzudzu umodzi pa usiku umodzi ndi wokwanira.

Pali cinthu cina cimene tiyenera kunena poyera ngakhale akulu angakhumudwe. Banja likanyamula neti imodzi kapena ziwiri, ulemu umati zipite kwa agogo ndi kwa alendo, ana agone pa mphasa pafupi ndi moto. Ulemu umenewu ndi wolakwika. Munthu wamkulu amene wakulira kuno wadwala malungo kambiri ndipo thupi lake lazolowerako kulimbana nawo. Mwana wosafika zaka 5 alibe mphamvu yotero, ndipo malungo akhoza kumupha pa tsiku limodzi kapena awiri. Mayi wapakati nayenso ali pangozi pamodzi ndi mwana ali m'mimba. Amenewa ndiwo oyamba kulowa m'neti. Kupacika sikuvuta: zikani mitengo inayi, mangani neti, ndi kupisa m'mbali mwake pansi pa mphasa.

Udzudzu ukaluma, thupi silitentha mawa lake. Pamapita masiku osacepera 7, nthawi zambiri 10 kufika 15. Motero lembani tsiku limene mwabwera, ndipo muyang'anitsitse ana kwa milungu itatu. Thupi likatentha, pitani tsiku lomwelo ku kiliniki kapena kwa wazaumoyo wa m'mudzi. Amalasa cala ndi kupima magazi, ndipo zotsatira zimadziwika pa mphindi 15 kapena 20. Musapatse mwana Coartem yotsala kwa amalume ake. Mankhwala amenewa amaperekedwa kolingana ndi kulemera kwa munthu ndipo ayenera kumwedwa masiku atatu athunthu. Mwana akakomoka, akamasanza ciliconse, akaleka kuyamwa kapena akafooka kwambiri, musadikire kuti kuce.

Amene munagona ku cigwa ca Luangwa, kwa Mwanya, kwa Chitungulu kapena kwa Kazembe, madera amene tsopano ali m'boma la Lumezi, muuzeni dokotala kumene munali ngakhale sanafunse. Kumeneko kuli kashembe, nchenche yoluma masana imene imapatsa matenda a kaodzera. Kacirombo ka kaodzera wa kuno kum'mawa kwa Africa kanadziwika koyamba mu 1910 m'magazi a munthu amene analumidwa m'cigwa comweci. Odwala ndi ocepa, koma zizindikiro zake, kutentha thupi ndi mutu, zimafanana ndi malungo. Ngati magazi aonetsa kuti si malungo, kapena mwana wamaliza mankhwala koma sacira, mau akuti "tinali ku cigwa" ndiwo angapangitse acipatala kufufuza koyenera.

Cikuku cimafala msanga pamene ana ambiri agona pamodzi, ndipo cimayamba ndi kutentha thupi patapita masiku ngati 10. Musananyamuke onani kadi ya ku sikelo: katemera wake ndi wa pa miyezi 9 ndi 18.

Cocedwa koposa ndi likodzo. Ana akafika ku msasa amathamangira kusambira m'damu kapena m'dziwe, m'mene mumakhala nkhono zosunga tizirombo tolowa pa khungu. Magazi m'mkodzo amaoneka patapita miyezi iwiri kapena itatu, mvula itayamba kale. Akulu ena amati mnyamata wokodza magazi wakula. Ameneyo wadwala, ndipo mankhwala ake, a praziquantel, amaperekedwa ku zipatala za boma.