Ngongole yobisa ingakutsekereni khomo la ntchito m'boma

Ambiri mwa ife tikamaliza maphunziro tidzafunsira ntchito m'boma, ndipo si tonse amene tidzagwire choko. Ena adzalowera ku MRA, ena ku Immigration, kupolisi kapena ku usilikali. Pa maudindo ena m'nthambi zoterezi satifiketi payokha siikwanira: boma limayamba lafufuza mbiri ya munthu lisanamupatse makiyi, zidindo ndi zikalata zachinsinsi. Kafukufukuyu ambiri amangomutchula kuti vetting. Timayembekezera kuti akafuna kudziwa ngati tinapalamulapo mlandu. Chimene sitiganizira n'chakuti m'thumba namonso amasuzumiramo.

Chifukwa chake chimaoneka bwino ku Karonga. Pachipata cha Songwe, m'malire a Malawi ndi Tanzania, pamadutsa mathanki a mafuta ochokera ku Dar es Salaam ndi amalonda okapikula katundu ku Kyela. M'boma lomweli ndi momwe mumadzera anthu ochokera ku Ethiopia olowa mozemba paulendo wawo wa ku Joni. Tiyerekeze kuti mkulu wina wogwira ntchito pachipatapo anatenga katapila wa K300,000 pamaliro a bambo ake. Chiwongoladzanja chikukwera mwezi ndi mwezi, ndipo khadi lake la ku banki akusunga ndi mwini ndalama, monga amachitira akatapila ambiri. Tsiku lina mwini ndalamayo akumuimbira foni: lole ya mlamu wake ifika usiku, musaivute, ngongole ija tiiwala. Mkuluyu sanabadwe wakuba. Koma tsopano pali munthu amene wamugwira pakhosi, ndipo chipata cha dziko chili m'manja mwa katapila. Ichi ndicho ofufuza amaopa.

Dziko la America linaphunzira zimenezi mowawa. Aldrich Ames, yemwe ankagwira ntchito ku bungwe la akazitape la CIA, anapanikizika ndi ngongole banja lake loyamba litatha. Mu 1985 anapita ku ofesi ya kazembe wa Soviet Union ku Washington n'kugulitsa zinsinsi pa $50,000, ndipo sanalekere pomwepo. Anthu angapo amene iye anawaulula anaphedwa. Anamangidwa mu 1994, atagula kale nyumba ya $540,000 popanda ngongole komanso galimoto ya Jaguar, zinthu zosagwirizana ndi malipiro ake. Lero malamulo a dzikolo opereka chilolezo choona zinsinsi ali ndi gawo lakelake la zandalama. Amayang'ana mbali ziwiri: ngongole zosabwezedwa, ndi chuma chosadziwika kochokera.

Kwathu kuno maganizo omwewa analowa m'malamulo. Gawo 51 la malamulo aakulu a dziko limaletsa munthu amene khoti linagamula kuti walephereratu kubweza ngongole zake, ndipo sanamasulidwe pa chigamulocho, kupikisana nawo pampando wa phungu. Mu 2013, chaka chimene nkhani ya Cashgate inaphulika, Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo lokakamiza akuluakulu a boma ndi ena a maudindo otchulidwa m'lamulolo kulembetsa chuma chawo. Pawailesi timangomva za nyumba ndi magalimoto, koma lamuloli likuti alembetsenso ngongole zawo. Kuonjezera apo, lamulo la 2010 linatsegula njira yoti pakhale mabungwe osunga mbiri ya momwe anthu amabwezera ngongole, pansi pa chilolezo cha Reserve Bank of Malawi. Chibwerere ziphaso za unzika mu 2017, kuthawa ngongole posintha dzina kapena kusamukira boma lina kwayamba kuvuta.

Apa wina angadandaule kuti zimenezi zikupondereza mwana wa m'mphawi, ndipo dandauloli n'lomveka. Mwana wa mlimi wa mpunga wa ku Kaporo sangafike ku koleji osakongola, pomwe wa kubanja lopeza bwino amamaliza alibe ngongole ngakhale ya tambala. Kukhala ndi ngongole kukadakhala mlandu, ntchito za boma zikadatsalira ana a olemera okha. Koma ngakhale malamulo a ku America aja satero. Amafunsa kuti ngongoleyo inabwera bwanji, kaya ndi matenda, kutha kwa ntchito kapena juga, ndiponso ngati munthuyo akuyesetsa kubweza. Ngongole ya fizi imene mukubweza mwezi ndi mwezi, makalata ake ali poyera, palibe angakuopsezeni nayo. Yoopsa ndi ija mukubisira akazi anu, abwana anu ndi ofufuzawo, chifukwa aliyense woidziwa ali ndi chokuumirizirani. Ndipo kunama pafomu kumaononga mbiri kuposa ngongoleyo.

Kwa ife amene tikuphunzira ndi ndalama za bungwe la ngongole za ophunzira la HESLGB, lomwe linakhazikitsidwa mu 2015, nkhaniyi yafika kale pakhomo. Ena amaitenga ngongoleyi ngati mphatso ya boma, ine ndikuona kuti akudzikumbira dzenje. Sungani pepala lililonse limene munasainira, dziwani kuti zonse pamodzi zakwana zingati, ndipo mukadzayamba ntchito kadziululeni nokha ku bungweli asanakutsateni. Fomu ikadzafunsa za ngongole, lembani zonse, ngakhale ya ku banki m'khonde ija.