Kompyuta yaing'ono, kutentha kwakukulu

Masewera akafika pokoma, zithunzi zimayamba kudodoma, fani n'kumalira ngati chigayo, kenaka kompyuta n'kuzima yokha. Zikatere ambiri amathamangira kunena kuti makinawo alowa vairasi kapena akalamba. Komatu kawirikawiri gwero la vutoli ndi kutentha.

Makompyuta ang'onoang'ono a masewera amakondedwa chifukwa satenga malo ndipo savuta kunyamula. Ambiri mwa iwo amamangidwa pa bolodi la Mini-ITX, lomwe kampani ya VIA Technologies inatulutsa m'chaka cha 2001, ndipo ndi la masentimita 17 m'litali ndi m'lifupi momwe. M'kabokosi kotereka mumapanikizana purosesa, khadi loyendetsa zithunzi ndi mawaya, moti mpweya umasowa podutsa.

Pafupifupi magetsi onse amene purosesa imagwiritsa ntchito amasanduka kutentha. Mwachitsanzo, Intel Core i9-13900K ya m'chaka cha 2022 imatha kukoka mawati 253 ntchito ikachuluka. Kutenthaku kumayenera kuchoka pa purosesa, kulowa m'chitsulo cha mkuwa kapena aluminiyamu chimene chimakhala pamwamba pake, kenaka fani n'kukukankhira kunja. Njirayi ikatsekeka, purosesa imachepetsa liwiro yokha pofuna kudziteteza. Mapurosesa ambiri a AMD Ryzen 7000 amatero akafika madigiri 95, pamene ambiri a Intel amafika madigiri 100.

Kuno kwathu nyengo imawonjezera chipsinjo. M'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, madera ngati Nsanje, Chikwawa ndi Tete amatha kupitirira madigiri 40. Fani siziziritsa mpweya, imangousuntha, choncho chipinda chikatentha ndi digiri imodzi purosesa nayo imakwera pafupifupi chimodzimodzi. Fumbi la m'chilimwe nalo limamatirira m'zitsulo zoziziritsira n'kukhala ngati bulangeti.

Chosangalatsa n'chakuti njira zambiri zothetsera vutoli sizilira ndalama zochuluka. Choyamba ndi kudziwa mmene zinthu zilili: pulogalamu ngati HWiNFO imaonetsa kutentha kwa purosesa masewera ali mkati. Chachiwiri, kompyuta iikidwe patebulo pamalo opita mphepo, osati pansi, m'kabati kapena moyang'anizana ndi dzuwa. Chachitatu, fumbi lichotsedwe pafupipafupi, makina atazimitsidwa ndi kuzulidwa kumagetsi. Mafani nawo aikidwe mogwirizana, ena olowetsa mpweya, ena otulutsa, ndipo mawaya amangidwe pambali.

Pakati pa purosesa ndi chitsulo chija pamapakidwa phala lotchedwa thermal paste, lomwe limatseka timipata tosaoneka ndi maso. Pakapita zaka phalali limauma, ndipo mmisiri wodziwa ntchito akhoza kulipukuta n'kupaka latsopano, kadontho kofanana ndi njere ya nandolo basi.

Njira ina ndiyo kuchepetsa magetsi opita ku purosesa. Ryzen 9 7950X, yomwe mlingo wake ndi mawati 170, ikhoza kutsitsidwa kufika pa 105 kapena 65 kudzera mu Eco Mode. M'masewera ambiri kusiyana kwa liwiro kumakhala kochepa, koma kutentha ndi phokoso zimatsika ndithu.

Kwa wachinyamata amene anasunga ndalama kwa miyezi kuti agule makina otere, kompyutayo si ya masewera okha. Ndi yomweyo imene amaphunzirirapo, kukonzerapo makanema a maukwati ndi kupezerapo kangachepe. Zipangizo zake zimachokera kunja ndipo zimagulidwa modula. Kuipatsa mpweya wokwanira lero n'kotchipa kusiyana ndi kufunafuna bolodi latsopano mawa.