Kudekha Pachiwongolero: Malangizo kwa Olowa ndi Galimoto mu Mzinda wa Lilongwe

M'chaka cha 1975, pamene likulu la dziko lino lidasamuka ku Zomba kudza ku Lilongwe, mzindawu udali waung'ono ndithu. Kalembera wa 1977 adapezamo anthu pafupifupi 99,000, koma wa 2018 adapezamo oposa 989,000. Anthu adachuluka kakhumi m'zaka 41 zokha, ndipo pamodzi nawo zidachuluka galimoto, malole, maminibasi, njinga zakapalasa ndi njinga zamoto. Tsono munthu wa ku Chiwamba, ku Nsaru, ku Kabudula kapena ku Nambuma amene waphunzira kuyendetsa pa mseu wafumbi wa kwawo, kumene zomusokoneza ndi mbuzi ndi ngolo za ng'ombe basi, amaona zachilendo akangolowa m'tauni. Kusintha magiya amadziwa, kuponda mabuleki amadziwanso. Chimene chimamsowa ndi mtima wodekha.

Nkhaniyi si yaing'ono. Lipoti limene bungwe la World Health Organization lidatulutsa m'chaka cha 2023 lidasonyeza kuti anthu pafupifupi 1.19 miliyoni amafa pangozi zapamseu chaka chilichonse pa dziko lonse, ndipo oposa theka mwa iwo ndi oyenda pansi, apanjinga zakapalasa ndi apanjinga zamoto. Amenewa ndiwo adzaza miseu ya Lilongwe: mayi wosenza ndiwo kupita kumsika, mwana wasukulu, mnyamata wa kabaza wonyamula thumba la makala. Dalaivala akasokonezeka mutu, kawirikawiri ovutika ndi iwowa, pakuti alibe chitsulo chowatchinjiriza.

Choyamba wophunzira ayenera kudziwa zimene mantha amachita m'thupi mwake. Munthu akachita mantha, mtima umagunda msanga, mpweya umafupika, manja amauma pachiwongolero, ndipo maso amaleka kuyendayenda n'kungoti dwii pa galimoto ili kutsogolo. Pamenepo amaiwala magalasi oonera kumbuyo, saona wanjinga ali m'mbali mwake, ndipo phazi limasiya klatchi mofulumira mpaka injini kuzima. Mankhwala ake ndi apafupi: kupuma mpweya wautali kawiri kapena katatu, kufewetsa zala pachiwongolero, ndi kuyendetsa maso mwadala, kutali kutsogolo, pagalasi lapakati, pamagalasi am'mbali, kenaka kutsogolo kachiwiri. Injini ikazima pakati pa mseu, palibe chamanyazi. Wophunzira akoke handibuleki, abweze giya pakati, alize injini ndi kunyamuka bwinobwino. Ahutala akumbuyo angachite phokoso chotani, phokoso silinaphepo munthu. Chimene chimapha ndi kunyamuka mothawa manyazi osayang'ana.

Chachiwiri ndi liwiro. Galimoto yoyenda makilomita 50 pa ola imadutsa mamita pafupifupi 14 pa sekondi imodzi. Ikafika pa makilomita 80 imadutsa mamita 22. Kuchokera pamene diso laona choopsa kufikira pamene phazi lafika pabuleki pamapita pafupifupi sekondi imodzi, kapena kuposapo ngati munthu watopa, ndipo nthawi yonseyo galimoto imakhala ikupitabe monga kale. Kuwonjezera apo, liwiro likawirikiza kawiri, mtunda umene galimoto imayenda mabuleki atagwira umawirikiza kanayi. N'chifukwa chake pa malo a malonda monga pa Msundwe, pa Mpingu ndi pa Namitete, pamene mseu wa M12 wochokera ku Mchinji umadutsa pakati pa ogula ndi ogulitsa, dalaivala wanzeru amatsitsa liwiro asanafike, osati atalowa kale pakati pa anthu. Wothamanga amapindula mphindi ziwiri kapena zitatu zokha, ndipo akuluakulu adanena kale kuti kuthamanga sikufika.

Chachitatu ndi mpata. Dalaivala amene wamatirira galimoto yakutsogolo amakhala wodzidzimuka nthawi zonse, popeza mnzakeyo akangoponda buleki iyenso ayenera kuponda mwadzidzidzi. Njira yoyezera mpata ndi iyi: asankhe mtengo kapena chikwangwani cha m'mbali mwa mseu, ndipo galimoto yakutsogolo ikachidutsa, awerenge masekondi atatu mosafulumira. Akafika pa chinthucho asanamalize kuwerenga, ndiye kuti wayandikira kwambiri. Nyengo ya mvula mpatawo uwirikize, makamaka pa mvula zoyamba za mu Novembala, pamene madzi amasakanizikana ndi fumbi ndi mafuta otayikira pa phula, mseu n'kuyamba kuterera. Pamdipiti wa galimoto zoima, aime patali poti aziona matayala akumbuyo a galimoto yakutsogolo akukhudza pansi. Ikawonongeka, iye adzatha kupatuka osabwerera m'mbuyo. Ena adzalowerera mumpatamo. Asapse mtima, angotsalira pang'ono ndi kupanganso mpata wina.

Malo amene amaopsa alendo kwambiri ndi pa raundabauti. M'Malawi galimoto zimayenda kumanzere, motero lamulo la pa raundabauti ndi lakuti wolowa apatse mpata galimoto zochokera kudzanja lake lamanja, zimene zili kale m'kati. Ntchito yaikulu imachitika munthu asanafikepo: kudziwa kumene akupita, kusankha mzere woyenera, kuchepetsa liwiro ndi kuyatsa indiketa. Akaona kuti waphonya potulukira, asakhote mwadzidzidzi kudula anzake. Azungulirenso kachiwiri, pakuti raundabauti siithawa. Chimodzimodzinso pamaloboti: getsi lachikasu silitanthauza kuti athamange, koma kuti aime ngati kuima n'kotheka mosaopsa.

Wophunzira azoloŵerenso makhalidwe a anzake apamseu. Minibasi imatha kuima paliponse pamene kondakitala waona munthu, ndipo imanyamukanso mosachenjeza. Ili yoima, kumaso kwake kumatha kutulukira munthu amene wangotsika kumene. Akabaza amadutsa mbali zonse ziwiri, kotero kuti asanakhote kapena kutsekula chitseko, dalaivala acheuke ndi mutu, chifukwa pali malo ena amene galasi silionetsa. Nyengo ya malonda a fodya, kuyambira cha mu Epulo, malole odzaza mabelo amachuluka pa miseu yolowera ku okushoni ya ku Kanengo. Lole yolemera imatenga mtunda wautali kuti iime ndipo imafuna malo aakulu pokhota. Wamng'ono asaloŵe pakati pa loleyo ndi mphepete mwa mseu, ndipo akumbuke kuti ngati iye sakuona magalasi a lole, mwini lole naye sakumuona.

Anthu a kumadzulo kwa boma lino ali ndi vuto lina lakelake. Wochokera ku Namitete kapena ku Mpingu amalowa m'tauni m'mawa dzuwa likumuthobwa m'maso, ndipo pobwerera madzulo amayang'anana nalonso likulowa. Galasi lakutsogolo likakhala ndi fumbi, kuwalako kumamwazikana, munthu wapanjinga n'kusowa m'maso. Kupukuta galasi m'kati ndi kunja asananyamuke, kutsitsa chotchingira dzuwa ndi kuchepetsa liwiro ndi zinthu zosalira ndalama. Kukada, ngolo za ng'ombe ndi njinga zambiri zimayenda zopanda nyali; liwiro la usiku likhale loti galimoto ingathe kuima m'kati mwa mtunda umene nyali zake zikuwalitsa.

Mkwiyo nawo ndi mdani. Pamseu sipalephera wina wodula mnzake, wotukwana, kapena woliza hutala popanda chifukwa. Dalaivala amene afuna kubwezera amaleka kuyang'ana mseu n'kumayang'ana mdani wake. Wodekha amamlola wopupulumayo adutse, ndipo iye mwini akalakwa amakweza dzanja kupepesa. Kukwiya kwambiri kumayambira kunyumba, munthu akanyamuka mochedwa. Wonyamuka nthawi ilipo saona mdipiti wa pa mlatho wa Lilongwe ngati chipongwe. Foni nayo iikidwe kutali. Kuyang'ana uthenga kwa masekondi awiri pa liwiro la makilomita 50 ndiko kuyenda mamita 28 ngati wotsinzina, ndipo bungwe la zaumoyo lija limati wogwiritsa ntchito foni akuyendetsa ali pachiopsezo cha ngozi kanayi kuposa mnzake. Za mowa ndi tulo n'zosachita kufunsa. Lamba amangidwe galimoto isanasunthe, ngakhale ulendo uli waufupi.

Luso limeneli silibwera tsiku limodzi. Wophunzira ayambe ndi kutenga chiphaso cha ophunzira ku ofesi za Directorate of Road Traffic and Safety Services, aike chikwangwani cha L pa galimoto kuti ena amlezere mtima, ndipo pambali pake pakhale munthu wa laisensi. Aphunzire kaye pamalo opanda anthu mpaka mapazi azigwira ntchito osawaganizira. Atatero alowe m'tauni Lamulungu m'mawa, miseu ili pululu, kuti aidziwe. Kenaka masana a m'kati mwa sabata. Ndipo pomalizira pake nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito, ku Malangalanga ndi kudepoti kumene. Wophunzitsa naye ali ndi udindo. Malume kapena mkulu amene amakalipa ndi kulanda chiwongolero amangowonjezera mantha. Wabwino amanena pasadakhale, ndi mawu ochepa ndi ofatsa, ndipo zolakwa amazikamba galimoto itaima.

Ngakhale amene ayendetsa zaka zambiri amafika poti mutu wazungulira. Zikatero, ayatse indiketa, apatukire pamalo abwino kunja kwa mseu, azime injini ndi kupuma mphindi zisanu. Kunyumba adzafika mochedwerapo, koma adzafika, ndipo mayi uja wosenza ndiwo nayenso adzafika kwawo. Paja kuona maso a nkhono n'kudekha.