Malipiro a Antchito m'Maiko Olemera ndi Osauka

Malaya ambiri ogulitsidwa ku Ulaya amasokedwa ku Bangladesh. M'chaka cha 2023 boma la dzikolo linalamula kuti wosoka zovala m'fakitale azilandira ndalama zosachepera mataka 12,500 pa mwezi. Wosokayo amagwira ntchito maola 48 pa mlungu, nthaŵi zina mpaka 60.

Chaka chomwecho ku Germany malipiro otsikitsitsa anali mayuro 12 pa ola. Motero wantchito wa kumeneko ankapeza m'maola 9 okha ndalama zimene wosoka uja ankakhetsera thukuta mwezi wathunthu, ngakhale kuti ku Germany zinthu n'zokwera mtengo.

Kusiyanaku kumadza chifukwa maiko olemera ali ndi makina ofulumiza ntchito, sukulu zophunzitsa luso ndiponso mabungwe amphamvu oteteza antchito. M'maiko osauka ofuna ntchito ndi ochuluka, choncho amavomera malipiro ochepa poopa kugona ndi njala.